Nyanga ya pansi: mmene ankakhalira mwini prazo m'chigwa cha Zambezi

Alenje akapha njovu m'chigwa cha Zambezi zaka 300 zapitazo, asanaitumbule n'komwe ankayamba ayang'ana mbali imene yagwera. Nyanga imene yakhudza dothi sinali yawo. Inali ya mwini nthaka. Lamuloli lidalipo Mpwitikizi asanaponde m'chigwachi, ndipo mafumu ambiri, kuyambira ku Sena mpaka kwa Undi, ankalitsata. Chimene chidasintha m'zaka za m'ma 1600 n'chakuti m'madera ambiri a m'mbali mwa mtsinjewu nyanga ija idayamba kutulidwa pakhonde la munthu wachilendo: wovala nsapato, wa dzina lachipwitikizi, wosunga m'bokosi kalata yonena kuti mfumu ya ku Lisbon yamubwereka dzikolo.

Malo obwerekedwa motere ankatchedwa prazo, akachuluka maprazo. Adayambira kumathiriro a Zambezi kufupi ndi Quelimane, kukwera kudutsa Sena ndi mpata wa Lupata, mpaka kupitirira Tete. Ena anali a midzi yowerengeka chabe. Ena, monga Gorongosa ndi Cheringoma, munthu ankayenda masiku angapo asanatulukemo. Funso limene limandigwira ndikamaganiza za nkhaniyi ndi ili: munthu mmodzi, wodwaladwala malungo, amene boma lake linali kutsidya kwa nyanja, ankagwira bwanji dziko lalikulu chotero, lodzaza anthu okhala ndi mafumu awo, mizimu yawo ndi mauta awo? Tikauyang'anitsitsa moyo wake tipeza kuti pa zonse zimene zinkamuchirikiza, kalata ya m'bokosi ija ndiyo inali yopepuka kwambiri.

Anthuwa sadabwerere ulimi. Adatsata minyanga ndi golide wochokera kumtunda kwa Mwenemutapa, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Amalonda achiswahili anali atayamba kale kukwera mtsinjewu, ndipo Apwitikizi pokhazikika ku Sena ndi ku Tete cha m'ma 1530 adangolowa m'misika imene adaipeza. Boma la Portugal lidayesapo kulanda migodiyo ndi nkhondo. Francisco Barreto adanyamuka ku Lisbon mu 1569 ndi asilikali pafupifupi 1,000. Atafika ku Sena mu 1571, akavalo adayamba kufa ndi kashembe, anthu ndi malungo. Posadziwa chimene chikuwatha, adanamizira amalonda achisilamu a pamalopo kuti akuwathirira chiphe, n'kuwapha mwankhanza. Barreto mwiniwake adafera ku Sena komweko mu 1573.

Chigwa chidakana gulu la nkhondo la ku Ulaya, koma munthu wobwera payekha chidamulandira. Wamalonda, msilikali wothawa ntchito, wamlandu wothamangitsidwa kwawo, pambuyo pake Mmwenye wachikhristu wochokera ku Goa: aliyense wa awa akapulumuka malungo a zaka zoyamba, ankakwatira mkazi wa komweko, kuphunzira chinenero, kusonkhanitsa anthu omuzungulira. Ana ake obadwira m'chigwa malungo sankawagwetsa msanga. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa sadakamuke. Pofika m'badwo wachitatu ambiri anali akhungu lakuda ngati anansi awo, koma ankatchedwabe azungu, chifukwa ku Zambezi mawuwa ankanena za udindo, kavalidwe ndi dzina, osati khungu.

Malo ankawapeza ndi ukwati, ndi nsalu, ndipo koposa zonse ndi mfuti. Mfumu ikapanikizika inkaitana mzungu wa asilikali ake, nkhondo ikatha n'kumuloza dera. Mu 1607 Mwenemutapa Gatsi Rusere, atazingwa ndi omuukira, adapereka migodi ya dziko lake kwa Apwitikizi kudzera mwa Diogo Simões Madeira wa ku Tete, amene ankamumenyera nkhondo. Mu 1629 Apwitikizi adalonga Mavura pampando wa Mwenemutapa, iye n'kuvomera kukhala pansi pa Portugal. Cha m'ma 1640 Sisnando Dias Bayão adapeza Cheringoma pothandiza mfumu ya ku Kiteve, ufumu wa kumwera kwa Zambezi. Tsidya la kumpoto zinthu sizidayende choncho, chifukwa kunali Kalonga Muzura wa Amaravi, amene lero anali bwenzi, mawa mdani: mu 1608 adatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi, mu 1622 iwo adamuthandiza kugonjetsa Lundu, koma zaka pafupifupi 10 pambuyo pake ankhondo ake anali atazinga Quelimane. N'chifukwa chake kumtunda kwa chigwachi maprazo akale ambiri anali tsidya la kumwera, pakati pa Asena ndi Atonga a ku Zambezi, amene tisawasokoneze ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Kenaka mu 1693 Changamire Dombo, mfumu ya Arozvi, adaphwasula msika wa Apwitikizi wa Dambarare, n'kuwatsitsa Apwitikizi kuchoka kumapiri a golide. Kuyambira pamenepo chigwa chidasanduka kwawo kwenikweni.

Kalata ya mibadwo itatu

Boma lidabwera pambuyo, litanyamula cholembera. Silikadatha kuwachotsa anthuwa pamalo amene adalanda okha, choncho lidati malo onsewo ndi a mfumu ya Portugal, ndipo amene alipowo akungobwereka. Kubwerekako kunali kwa miyoyo itatu: wolandira kalata, womulowa m'malo, ndi wachitatu. Ikatha miyoyo itatuyo malo ankayenera kubwerera kuboma, ngakhale kawirikawiri banja lomwelo linkangolembetsanso. Mwini prazo ankayenera kulipira lendi chaka ndi chaka, nthawi zambiri ya fumbi la golide, kukhala pamalopo, ndi kubwera ndi asilikali ake boma likaitana. Akuluakulu oyang'anira zimenezi anali ku Goa, ku India, mpaka mu 1752 pamene Mozambique idapatsidwa bwanamkubwa wakewake. Kalata yopita kumeneko inkadikira mphepo ya panyanja, ndipo yankho linkatha chaka lisanafike.

Mfundo imene idabala zosayembekezeka ndi yokhudza akazi. Pofuna kukopa amuna a ku Portugal kuti adzakhazikike ku Zambezi, boma lidalamula kuti maprazo azipatsidwa kwa akazi, cholowa chizipita kwa mwana wamkazi, ndipo mkaziyo azikwatiwa ndi mwamuna wobadwira ku Ulaya. Amuna oterewo anali ochepa, ndipo obwerawo ankafa msanga. Akaziwo adayamba kukwatiwa ndi Amwenye a ku Goa kapena azungu anzawo a m'chigwa momwemo. Chimene chidatsala pa lamulolo ndi mphamvu ya mkazi mwini malo, amene ankatchedwa dona, mawu omwe tili nawo mpaka lero.

Kwa ife a chikamwini chithunzichi si chachilendo. Mwamuna wochokera ku Lisbon kapena ku Goa, ngakhale akhale ndi nyota za usilikali paphewa, pa prazo ya mkazi wake anali mkamwini. Akapolo a pamalopo adabadwira m'manja mwa banja la mkaziyo. Chinenero ankachidziwa ndi mkaziyo. Mafumu ankadziwana ndi mayi ake ndi agogo ake. Mwamuna akafa, dona ankakwatiwanso, ena kangapo, ndipo ukwati uliwonse unkatha kukulitsa malo. Lamuloli silidatengedwe ku mwambo wathu, adalilemba anthu a zolinga zawozawo. Koma lidagwera m'dera limene, makamaka kumpoto kwa mtsinje, anthu ankawerenga kale mbumba kuchokera kwa mayi. Cha m'ma 1750 Dona Inês Gracias Cardoso wa ku Gorongosa atayambana ndi mwamuna wake, munthu amene adakhalapo bwanamkubwa wa Macau, adamupirikitsa ndi asilikali ake, boma lili chiyang'anire. Ku Tete kunali Dona Francisca Josefa de Moura e Meneses, amene anthu adamupatsa dzina loti Chiponda, ndipo dzinalo silifuna womasulira. Mu 1798 bwanamkubwa Francisco de Lacerda, pokonza ulendo wopita kwa Kazembe ku Luapula, adadalira mayiyu kuti apeze onyamula katundu.

Pakhonde la luane

Likulu la prazo linkatchedwa luane. Inali nyumba yaikulu ya makoma ochindikala ndi khonde lalitali, yozunguliridwa ndi nkhokwe, mosungira nsalu ndi minyanga, mitengo ya mango ndi malalanje, ndi timisasa ta akapolo a pakhomo. Pakati pa akapolowa panali osula zitsulo, opala matabwa, osoka, ophika buledi, oimba, ndi amisiri osula mphete ndi mikufu ya golide, amene ntchito yawo idatchuka kutali. Kufupi ndi Tete ankalima tirigu, wina n'kumakagulitsidwa kunyanja. Nzimbe ankatchezera mowa waukali, ndipo dzina lake lachipwitikizi, cachaça, ndilo lidabala kachasu wathu. Eni malo olemera ankakhalanso ndi nyumba ina m'tauni, ku Sena, ku Tete kapena ku Quelimane, n'kumayendera prazo nthawi yokolola ikakwana. Paulendo sankaponda pansi: pamtunda machila, pamadzi bwato lalikulu la opalasa ambiri. Kuchokera ku Quelimane kukafika ku Tete kunkatenga milungu ingapo, kulimbana ndi madzi, mchenga ndi mvuu.

Akuluakulu a boma obwera kuchokera ku Ulaya adalemba zambiri zowanyoza anthuwa: aulesi, ongosuta fodya ndi kumwa, onyamulidwa pamachila ngakhale popita kutchalitchi chapafupi. Zina mwa izo zinali zoona. Koma olembawo sankaona kuti kukhala pakhonde tsiku lonse ndiyo inali ntchito yeniyeni ya mwini prazo, monganso ilili ntchito ya mfumu. Pakhondepo pankabwera milandu ya ufiti, ya chigololo, ya kuphana, ndipo mlandu uliwonse unkasiya chindapusa. Pankabwera amithenga a mafumu oyandikana nawo, ofunika kuwalandira ndi mphatso yoyenera msinkhu wa wowatuma. Pankabwera maliro ofunika nsalu. Kulakwitsa chimodzi mwa izi kunkatha kudzutsa nkhondo.

Pa za chipembedzo anali obatizidwa, ana awo a mayina a oyera mtima. Komabe ulendo wa malonda usananyamuke ankaombeza kwa sing'anga, woganiziridwa ufiti ankamumwetsa mwavi, ndipo kuwonjezera pa mkazi wa kutchalitchi ambiri anali ndi akazi ena, kawirikawiri ana a mafumu, pakuti ukwati uliwonse unali pangano la mtendere. Ansembe ankadandaula nazo, ngakhale iwonso, Ajezwiti ndi a chipani cha Dominiko, anali ndi maprazo ndi akapolo awo; a Ajezwiti adalandidwa ndi boma pamene chipanicho chidathamangitsidwa mu 1759. Umboni wa amene adameza mnzake uli m'makalata a boma a nthawiyo. Ndi a Chipwitikizi, koma adzaza mawu amene Mchewa aliyense angawazindikire: fumo, mambo, milando, muave, mussoco, aringa. Ndiye kuti mfumu, mambo, milandu, mwavi, msonkho, linga. Ifenso tidatolako athu: nsapato, kalata, mbatata, kapitawo.

Anthu ambiri okhala pa prazo sanali akapolo. Anali mfulu, eni dziko enieni, amene Apwitikizi ankawatcha colonos. Ankakhala m'midzi yawo pansi pa mafumu awo, ndipo pamwamba pa mafumu angapo pankakhala mambo. Apa m'pofunika kumvetsa bwino: wogawa minda anali mfumu, osati mzungu. Wopempha mvula ndi kuthira nsembe kwa mizimu ya dziko anali mambo ndi akuluakulu ake. Mwini prazo adangolowa pamalo a mfumu yaikulu yolandira mtulo, ndipo mwini watsopano akafika ankayenera kusinthana mphatso ndi mamambo kuti amuvomere. Msonkho unkaperekedwa pokolola: mapira, mawere, chimanga, nkhuku, uchi, mafuta, fumbi la golide kumene kunali golide, ndi nsalu ya thonje yoluka pamanja yotchedwa machira, imene Amang'anja a ku Shire nawonso ankaidziwa kuluka. Pamwamba pa izo panali nyanga ya pansi ija, ndi chiwalo cha nyama yaikulu iliyonse yophedwa m'dzikomo. Chimene anthu ankadana nacho kwambiri ndi kugulitsa mokakamizidwa: chaka chimene nkhokwe za ku luane sizidadzaze, anthu a mzungu ankabwera ndi nsalu pang'ono n'kutenga chakudya pamtengo wonena iwo.

Wolima anali ndi chida chimodzi chimene mwini prazo ankachiopa kuposa mkondo: kusamuka. Nthaka inali yambiri, anthu ochepa. Mudzi ukatopa ndi nkhanza unkanyamuka usiku n'kukapempha malo pa prazo ina kapena kwa mfumu yodziimira payokha, monga Makombe wa ku Barue. Mzungu wotsala ndi dziko lopanda anthu anali wosauka, ngakhale kalata yake itchule mitsinje ndi mapiri angati.

Achikunda

Nanga msonkhowo ankautolera ndani? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwini prazo aliyense anali ndi gulu la akapolo onyamula zida, otchedwa Achikunda. Pa maprazo aang'ono anali mazana, pa akuluakulu zikwi. Ankakhala m'midzi yawoyawo yomwazikana m'dziko lonselo, makamaka m'malire ndi pamadooko. Gulu lalikulu linkatchedwa butaka, mtsogoleri wake mukazambo. Timagulu tating'ono tinali m'manja mwa asachikunda. Ndipo pafupi ndi mfumu iliyonse pankakhala chuanga, diso ndi khutu la mzungu, wowerenga mabanja ndi kuonetsetsa kuti nyanga sinabisidwe. Atsogoleri onsewa anali akapolo okhaokha.

Mawu oti kapolo angatisocheretse pano. Mchikunda anali ndi mfuti ya gogodela, akazi, katundu, nthawi zina akapolo akeake. Khasu ankalinyoza, ulimi n'kusiyira akazi ndi anthu a m'midzi. Ntchito zake zinali nkhondo, kusaka njovu, kupalasa mabwato m'mathithi oopsa, ndi kuperekeza malonda kutali. Adachokera m'mitundu yambiri, Amaravi, Amang'anja, Ansenga, Asena, Atonga ndi ena, ndipo popeza adadulidwa ku mbumba zawo, adamanga mtundu watsopano wa mphini zawo, magule awo ndi kunyada kwawo. Ena adagwidwa pankhondo, ena adagulidwa ali ana. Koma ambiri adadzipereka okha, ndipo mwambo wake umandikhudza mtima nthawi zonse. Unkatchedwa kuswa mitete. Munthu wothawa njala, ngongole kapena mlandu wa ufiti ankalowa pakhomo pa mzungu n'kuswa dala chinthu chake, kaya mbale kaya chikho, kapena kung'amba nsalu. Popeza analibe cholipira, ankasanduka wa pakhomopo. Tangoganizani njala imene ingamufikitse munthu pamenepo, kusankha yekha ukapolo kuti ana ake adye. Koma kudziperekako kunali ndi pangano losalembedwa limene onse ankalidziwa: udzandidyetsa, udzanditeteza, ndipo sudzandigulitsa kunja.

Choncho mwini prazo ankakhala pakati pa moto uwiri. Popanda Achikunda sakadatolera ngakhale dengu limodzi la mapira. Koma Achikundawo anali ndi mfuti, ankadziwa njira zonse, ndipo ankamvera mukazambo wawo kuposa mzungu. Ankayenera kuwapatsa nsalu, mikanda, wonga ndi gawo la zofunkha. Mwini akamwalira, wolowa m'malo amene iwo sadamufune ankaona zakuda. Othawa ankamanga midzi yamalinga m'nkhalango ndi m'mapiri, ndipo phiri la Morrumbala, pafupi ndi pamene Shire akutsikira ku Zambezi, lidatchuka ngati pothawira akapolo.

Chuma chenicheni chinkachokera ku malonda, ndipo malondawo ankayendera ngongole. Nsalu za ku India ndi mikanda zinkafika ku Quelimane, mwini prazo n'kuzitenga pangongole kwa amalonda a kunyanja. Ankazigawira akapolo ake odziwa malonda, otchedwa ashambadzi, amene ankapita miyezi yambiri kumisika monga Zumbo, pamene Luangwa akumana ndi Zambezi, kapena m'midzi ya kutali. Akabwerako ndi golide ndi minyanga, ngongole inkabwezedwa. Akafunkhidwa panjira, kapena mfumu ina ikatseka njira, ngongole inkasefukira chaka chotsatira. Ambiri mwa anthu ooneka olemerawa ankafa ali ndi ngongole zosaneneka.

Mbiri imeneyi idatikhudza ife mwachindunji m'zaka za m'ma 1700, pamene golide adapezeka kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Undi. Azungu a ku Tete ankapempha chilolezo kwa mafumu achichewa, kupereka nsalu, n'kumanga misasa pamigodi. Okumba ndi kusefa golide anali akazi akapolo, m'magulu oyang'aniridwa ndi mayi wamkulu wotchedwa nyakoda, Achikunda akulondera. Poyamba zidaoneka ngati phindu kwa Undi. Koma alendowo adayamba kuchita malonda ndi mafumu aang'ono mwachindunji, alenje awo n'kumapha njovu osapereka nyanga ya pansi. Amene adaonererapo Kulamba ku Mkaika, ku Katete, akudziwa tanthauzo la mtulo pa ufumu wa Gawa Undi; mtulo ukayamba kulowera kwina, ufumu umaphwa pang'onopang'ono. Banja limene lidapindula kwambiri ndi la Gonçalo Caetano Pereira wa ku Goa, amene anthu ankamutcha Dombo Dombo. Mwana wake Manuel adafika kwa Kazembe mu 1796. Zidzukulu za banjali zidakwatira m'mabanja achifumu, zidatenga mayina ngati Chisaka ndi Chinsinga, n'kulamulira dziko la Makanga ngati mafumu enieni mpaka 1902. Dzinalo lilipobe: boma la Macanga m'chigawo cha Tete, kumene anthu amayankhula chinenero chathu chomwechi.

Pangano litasweka

Chimene chidagwetsa maprazo akale sichidachokere ku Lisbon. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 zombo za Afalansa zidayamba kufuna akapolo a m'minda ya nzimbe pazilumba za m'nyanja ya India, kenaka zidabwera za ku Brazil. Pofika m'ma 1810 ndi 1820 Quelimane inali doko lalikulu la akapolo opita ku Rio de Janeiro. Golide anali atachepa, ngongole zili pakhosi, ndipo munthu adasanduka katundu wa phindu kuposa nyanga. Poyamba eni maprazo ankatumiza Achikunda kukagula kapena kukagwira anthu kutali, kwa Amaravi ndi Ansenga. Atakomedwa, adayamba kugulitsa anthu a m'midzi ya pa prazo pawo pomwe, amene ankawapatsa msonkho. Ena adafika pogulitsa Achikunda enieniwo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Munthu amene agogo ake adaswa mitete pokhulupirira kuti sadzawoloka nyanja adaona mbale wake ali m'goli, kulowera kudoko.

Midzi idasamuka. Magulu a Achikunda adaukira kapena kungochoka ndi mfuti zawo. Pamwamba pa izo padagwa chilala choopsa cha m'ma 1820, chotsatana ndi dzombe ndi nthomba, ndipo minda yambiri idasanduka tchire. Kenaka adafika Angoni. Zwangendaba adawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa. Magulu ena adasakaza dera la Sena, ndipo pambuyo pake ankhondo a ufumu wa Gaza, wa kumwera kwa Mozambique, ankabwera chaka ndi chaka kudzatolera msonkho kwa azungu amene kale ankatolera kwa ena. Lisbon idalamula kuti maprazo athe mu 1832, idaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, idabwerezanso za maprazo mu 1854. M'chigwa mudalibe womvera.

Pa mabwinjawo padamera mtundu wina wa mwini malo, woopsa kuposa woyamba. Mabanja ochepa adasonkhanitsa Achikunda omwazikana aja n'kumanga malinga akuluakulu. Linga lotere ankalimanga ndi mitengo yaiwisi imene inkaphuka n'kumera mizu, mpanda n'kukhala wamoyo, wovuta kuutentha ngakhale kuugumula ndi mzinga. Ku Massangano, pamene Luenha athira mu Zambezi kumunsi kwa Tete, Joaquim José da Cruz, wotchedwa Nyaude, ndi mwana wake António Vicente da Cruz, wotchedwa Bonga, ankatseka mtsinje ndi kulipiritsa bwato lililonse. Pakati pa 1867 ndi 1869 boma lidatumiza magulu a nkhondo motsatizana kukagwetsa Bonga, onse adalephera, ndipo mitu ya ena mwa ophedwa idazikidwa pamitengo ya lingalo. Massangano idagweratu mu 1888, Bonga atamwalira kale. Kumunsi kwa Shire kunali Paulo Mariano Vaz dos Anjos, wotchedwa Matekenya, amene ankhondo ake adasakaza midzi ya Amang'anja m'zaka zimene David Livingstone ankakwera mtsinjewo. Chakumtunda, kufupi ndi Zumbo, kunali José do Rosário Andrade, wotchedwa Kanyemba, ndipo malo a pamalire a Zimbabwe kumeneko akutchedwabe ndi dzina lake. Pali amene amawatamanda anthuwa chifukwa adalimbana ndi boma la atsamunda. Adalimbana nalodi. Koma ine sindingaiwale kuti wonga umene ankaombera asilikali a boma adaugula ndi ana a anthu a m'midzi.

Achikunda ena sadafunenso mbuye. Adakwera Luangwa ndi Zambezi ngati alenje a njovu ndi opalasa mabwato odziimira paokha, ndipo zidzukulu zawo zilipo lero ku Luangwa m'Zambia, ku Zumbo ndi m'chigwa cha Zambezi mbali ya Zimbabwe.

Boma litatha kugonjetsa malinga, dzina loti prazo silidafe. Lamulo la 1890, lokonzedwa ndi António Enes, nduna ya boma la Portugal, lidabwereketsa maprazo kwa makampani a minda ya nzimbe, kokonati ndi khonje, monga Companhia da Zambézia, Boror, ndi imene idadzakhala Sena Sugar Estates. Pakhonde pamene pankakhala dona wodziwa mayina a mafumu onse ndi agogo awo padakhala kalaliki ndi buku. Msonkho sunalinso wa mapira ndi uchi: gawo lina linali ndalama, lina thukuta la m'munda wa kampani, zofanana ndi thangata amene makolo athu adamudziwa ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Njovu zinali zitachepa, nyanga ya pansi inalibenso woifunsa. Anthu a m'midzi adachita zimene makolo awo ankachita mzungu akawonjeza nkhanza. Mabanja ambiri a Asena adalongedza usiku, makamaka nkhondo ya ku Barue ya 1917 itatha, n'kukwera ndi Shire kukapempha malo kwa mafumu a Amang'anja ku Nsanje ndi ku Chikwawa.